YANG'ANANI SIKELO: CHISANKHO CHA KU GEORGIA CHA 1946

Awa ndi mau amene anakambidwa pa msonkhano wa mamembala a nthambi. Tawasindikiza pano kuti amene sanafike awaone, ndiponso kuti odziwa kuwerenga awerengere anzao.



Munthu akapita ndi mtedza kapena fodya kumsika sasiya thumba lake pasikelo ndi kukaima patali. Amayang'ana sikelo, amamvera nambala imene kalaliki akutchula, ndipo amaonanso imene walemba pachikalata. Koma tsiku la chisankho ambiri a ife tikaponya voti timangobwerera kumudzi kukadikira wailesi. Wailesiyo itchula nambala imodzi yaikuru ya dziko lonse, ife tiombe m'manja kapena tigwire njakata, basi nkhani yatha. Lero ndifuna kukusimbirani za chisankho china cha kutali, ku America, kumene munthu wopeza mavoti ochuluka anagonja. Chifukwa chake sichioneka m'nambala yaikuruyo iai. Chioneka m'manambala ang'onoang'ono a dera lirilonse.

Georgia ndi makaunti ake

Georgia ndi chimodzi mwa zigawo za United States of America, kum'mwera chakum'mawa, dziko la thonje ndi mtedza. Mzinda wake waukuru ndi Atlanta, ndipo Bwanamkubwa wake amasankhidwa ndi anthu. Chigawochi chinagawidwa m'maboma ang'onoang'ono 159, amene kumeneko amawatcha makaunti.

Masiku amenewo chipani champhamvu ku Georgia chinali chimodzi chokha, cha Democratic. Kotero mpikisano weniweni unali pa chisankho cha chipulura, pamene chipani chimasankha munthu wodzachiimira. Wopambana pachipulura anali atapambana kale Ubwanamkubwa, pakuti chisankho chachikuru cha mwezi wa November chinali kungotsiriza mwambo.

Tsono mvetsetsani m'mene ankawerengera. Kuyambira 1917 lamulo linati wopambana asadziwike ndi mavoti a anthu, koma ndi mavoti a makaunti. Makaunti 8 a anthu ochuluka anapatsidwa mavoti 6 iriyonse, ndiye kuti 48. Makaunti 30 otsatira anapatsidwa 4 iriyonse, ndiye kuti 120. Makaunti 121 otsala, a kumidzi, anapatsidwa 2 iriyonse, ndiye kuti 242. Onse pamodzi 410, ndipo wofuna kupambana anayenera kupeza 206. Wotsogola m'kaunti, ngakhale ndi voti imodzi yokha, ankatenga mavoti onse a kauntiyo, mnzake osapata kanthu.

Werengani nokha. Makaunti ang'ono 103 okha anali okwanira kuika munthu pampando, ngakhale mizinda yonse itamkana. Pa kalembera wa 1960 kaunti ya Fulton, m'mene muli Atlanta, inali ndi anthu 556,326, ndipo mavoti ake anali 6. Kaunti ya Echols inali ndi anthu 1,876, ndipo mavoti ake anali 2. Ndiye kuti pasikelo imeneyi munthu mmodzi wa ku Echols ankalemera ngati anthu 99 a ku Fulton.

Ndaona ena mukumwetulira, mukuti mumtima, “Sikelo imeneyo ndiye yabwino, yokomera ife a kumudzi.” Dikirani kaye mumve amene inamkomera.

Chaka cha 1946

Kwa zaka zambiri chipani cha Democratic ku Georgia chinali kunena kuti chipulura ndi cha Azungu okha. Pa 4 July, 1944, munthu wakuda dzina lake Primus King, wometa tsitsi ndiponso mlaliki wa mumzinda wa Columbus, anapita kukaponya voti ndipo anamubweza pakhomo. Iye anakasuma kubwalo la milandu, napambana, ndipo pofika April 1946 mlandu unali utatha: anthu akuda ali ndi ufulu woponya nao voti pachipulura. Msonkho umene munthu ankayamba walipira asanaponye voti unali utathetsedwanso mu 1945, ndipo anyamata ndi atsikana a zaka 18 anali ataloledwa kuponya kuyambira 1943.

Anthu anadzuka. Mu Atlanta mokha, anthu oyenda khomo ndi khomo analembetsa anthu akuda pafupifupi 18,000 m'masiku 51. M'chigawo chonse akuda olembedwa m'kaundula anapitirira 100,000.

Opikisana akuru anali atatu. Woyamba anali Eugene Talmadge wa ku kaunti ya Telfair, amene anakhalapo Bwanamkubwa kale. Iye ankadzitcha bwenzi la mlimi wosauka, ndipo chaka chimenecho anayenda ponseponse kulonjeza kuti adzabwezeretsa chipulura cha Azungu okha. Wachiwiri anali James Carmichael, amene pa nthawi ya nkhondo ankayang'anira fakitale ya ndege ku Marietta. Wachitatu anali E. D. Rivers, nayenso Bwanamkubwa wakale.

Anaponya voti pa 17 July, 1946. Pa chipulura cha 1942 oponya anali opitirira pang'ono 300,000, koma tsopano anali oposa 690,000. Carmichael anapeza 313,389. Talmadge anapeza 297,245. Rivers anapeza 69,489. Carmichael anamposa Talmadge ndi mavoti 16,144. Koma atawerenga mavoti a makaunti, Talmadge anali ndi oposa 240, Carmichael sanafike 150, Rivers 22. Wopambana anali Talmadge.

M'mene zinachitikira

Chinthu choyamba ndi ichi: mavoti ambiri a Carmichael anaunjikana m'mizinda. Koma ku Fulton ngakhale mutatsogola ndi mavoti zikwi makumi awiri, mphotho yanu ndi 6 yomweyo. Otsalawo ali ngati madzi othira mumtsuko wodzaza kale. Talmadge ankadziwa zimenezi, ndipo mphamvu yake anaiika m'makaunti ang'ono.

Chachiwiri ndicho chimene ndifuna mupite nacho kwanu. Tiyerekeze kaunti yaing'ono m'mene uyu ali ndi anthu 900, uyo ali ndi 800. Mukachotsa m'kaundula anthu 150 okha a mbali yotsogolayo, kaunti yonse yatembenuka, ndi mavoti ake awiri omwe. Mukachita chomwecho m'makaunti makumi awiri kapena atatu, mwatenga chigawo chonse, chikhalirecho nambala yaikuru ya oponya voti ikuonekabe yokongola. Izi ndizo anachita anthu a Talmadge. Lamulo linkalola munthu aliyense kutsutsa dzina la mnzake m'kaundula. Iwo anasindikiza zikalata zotsutsira nazigawa m'makaunti, ndipo anthu akuda zikwizikwi anaitanidwa kukadziyankhira pamaso pa olemba kaundula. Ambiri anali alimi okhala pamunda wa Mzungu. Amene sanafike anafufutidwa, ndipo ambiri amene anafika anapezeredwa chifukwa. Kwina tsiku loponya voti mzere wa akuda unkayendetsedwa pang'onopang'ono mpaka dzuwa kulowa.

Kumene zikalata sizinakwanire kunabwera mfuti. Maceo Snipes, msilikali wakuda wobwera kunkhondo, anaponya voti ku kaunti ya Taylor. M'mawa mwake Azungu anafika pakhomo, namuitana panja, namuombera, ndipo anamwalira patapita masiku awiri. Womuombera sanalangidwe. Pa 25 July, ku kaunti ya Walton, pa mlatho wa Moore's Ford, gulu la Azungu linapha anthu akuda anai, amuna awiri ndi akazi ao, ndipo mpaka lero palibe anaimbidwa mlandu.

Taonani tsono. Munthu woona nambala yaikuru yokha akanati, “Ha! Georgia wadzuka, oponya voti achuluka kawiri.” Ndipo sakananama. Koma munthu wotenga kaunti imodziimodzi, ndi kufunsa kuti analembetsa angati, anafufutidwa angati, anaponya angati, ndiye akanaona pamene panadutsa fisi.

Kodi inakomera a kumudzi?

Tibwerere kwa aja munamwetulira. Makaunti 121 a kumidzi anali ndi mavoti 242 mwa 410, pamene anthu ake pofika 1960 anali ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a chigawo chonse. Mphamvu imeneyi sinafike m'manja mwa mlimi. Inathera m'manja mwa akuluakulu owerengeka a pa likulu la kaunti, amene ankasunga kaundula ndi bokosi. Wofuna Ubwanamkubwa sanasowe kukopa alimi onse. Kunali kokwanira kumvana ndi anthu atatu kapena anai m'kaunti iriyonse.

Talmadge mwini, m'zaka za njala ya ndalama za m'ma 1930, anatsitsa laisensi ya galimoto kufika madola 3, ndipo anthu anamuimbira m'manja. Koma yemweyo analimbana ndi chithandizo chimene Pulezidenti Roosevelt ankatumiza kwa osauka, natsekereza ndalama zothandizira okalamba. Mlimi wosauka, woyera ndi wakuda yemwe, anatsala m'ngongole zake. Sikelo yonama sikhala ndi mbale. Lero ikomera iwe, mawa ikudya, pakuti mwini wake ndi amene waigwira.

Talmadge anamwalira pa 21 December, 1946, asanalumbire. Pamenepo panabuka mkangano wa anthu atatu olimbirana mpando, mmodzi wa iwo mwana wake Herman, amene anadalira mavoti olemba dzina pamanja a chisankho cha November. Ena mwa mavotiwo anatulukira mochedwa ku Telfair. Mtolankhani George Goodwin wa nyuzi ya Atlanta Journal anapita komweko kukaona buku la oponya voti, napeza maina a anthu akufa, ndi a ena amene anasamuka kale, ndipo maina ambiri anali atandandalikidwa motsata alifabeti, monga ngati anthu amafika pamzere motsata zilembo za maina ao. Chinyengocho sichinagwidwe mu Atlanta. Chinagwidwa m'buku la kaunti imodzi.

Kutha kwa sikeloyo

Mu 1962 James Sanders, woponya voti wa ku Fulton, anakasuma, ndipo mwezi wa April oweruza analetsa kawerengedwe ka makaunti. Chipulura cha September chaka chomwecho chinawerengedwa ndi mavoti a anthu, oponya anaposa 800,000, ndipo Carl Sanders, wina wosiyana ndi wosuma uja, anagonjetsa Marvin Griffin. Pa 18 March, 1963, Bwalo Lalikuru la Milandu la America, pa mlandu wa Gray ndi Sanders, linatsimikiza chigamulocho, oweruza 8 kubvomera, mmodzi kukana. M'chigamulo chimenechi ndimo muli mau aja odziwika akuti munthu mmodzi, voti imodzi.

Koma musaganize kuti bwalo likagamula ndiye kuti bokosi ladzisunga lokha. Mwezi wa October 1962 mlimi wa mtedza dzina lake Jimmy Carter anapikisana pachipulura cha mpando wa m'Nyumba ya Malamulo ya Georgia, ndipo analengeza kuti wagonja. Ku kaunti yaing'ono ya Quitman, bokosi la ku Georgetown linaonetsa mavoti 420, pamene olembedwa kuti aponya anali 333. Carter sanapite kukalira kunyumba. Anasonkhanitsa mboni ndi manambala, bokosilo linatayidwa, iye nalowa m'Nyumba ya Malamulo. Mu 1977 munthu yemweyo anakhala Pulezidenti wa America. Akanapanda kufananiza 420 ndi 333, mwina sitikanamva dzina lake.

Nchito ya nthambi

Amai ndi Abambo, akuru anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Chisankho chirichonse, chachikuru kapena cha chipulura m'chipani mwathu momwe, chiri ndi manambala atatu amene nthambi iyenera kukhala nao m'buku lake.

Yoyamba, olembetsa. Mlembi adziwe anthu a m'dera lino amene ali m'kaundula, mudzi ndi mudzi. Kaundula akapachikidwa, pitani mukaone dzina lanu ndi maso anu, mutengenso agogo ndi odwala. Dzina lofufutidwa limabwezedwa chisankho chisanafike. Tsiku loponya voti ndiye kuti madzi atayika.

Yachiwiri, oponya. Oimira athu pamalo oponyera afike kusanache, achoke bokosi litawerengedwa, ndipo adziwe kuti adutsa anthu angati. Ngati mudzi wina uli ndi olembetsa 200 koma afika 60, tifunse chifukwa. Kodi ndi mtunda? Kodi ndi mtsinje wodzaza? Kodi kunali maliro? Kapena wina anawaopseza? Chirichonse chiri ndi mankhwala ake, koma osafunsa sangawapeze.

Yachitatu, mapepala a m'bokosi. Sayenera kuposa anthu amene aponya. Woimira wathu asasaine chikalata chimene sanachiwerenge, atenge chake, ndipo mawa lake afananize nambala ya pachikalatapo ndi imene yalengezedwa ku boma. Musatume wina kuti akakumvereni, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndipo ngati manambalawo aonetsa kuti tagonja mwachilungamo, tibvomere, tibwerere kumidzi kukagwira nchito. Sitifuna sikelo yolemeretsa ife, monga sitifuna yolemeretsa a m'tauni. Tifuna sikelo imene mai wa kumudzi kuno ndi bwana wa muofesi alemera chimodzimodzi, ndipo tifuna kuimirira pambali pake pamene akuyeza.

A Wapampando, ndapempha kuti pa msonkhano wa mwezi wa mawa mudzi uliwonse ubwere ndi maina a anthu awiri odziwa kulemba, mwamuna ndi mkazi, amene adzasunga manambala amenewa. Makope ndi mapensulo tikambirane ndi a Msungichuma tisanabalalike.