ZIROMBO ZOLEMBEDWA M'BUKU

Nkhani ya madzulo ano ndi ya masewera ena a ku America ochedwa Dungeons & Dragons, makamaka za zirombo zopezeka m'menemo.

Masewerawa anaturuka m'caka ca 1974, ndipo anawakonza ndi amuna awiri, Gary Gygax ndi Dave Arneson. Kaseweredwe kace nkotere: anthu anai kapena asanu akhala pa tebulo, ndipo yense adziyesa munthu wa m'nthano, wina msilikari, wina wamatsenga, wina mbala. Mmodzi ndiye mtsogoleri. Iye asimba za mapanga ndi njira za pansi pa nthaka m'mene anzacewo alowa kukafuna cuma. Pakabuka nkhondo aponya madaisi, timiyala ta manambala, kuti aone amene wapambana. Si njuga ai, pakuti palibe ndalama yoikidwa pa tebulo.

Tsono nthano yopanda cirombo siikoma. Cifukwa cace m'caka ca 1977 kampani ya TSR, ya ku Lake Geneva m'dera la Wisconsin, inasindikiza buku la Gygax lochedwa Monster Manual, lokhala ndi zirombo zoposa 350. Ciri conse cinapatsidwa ngati citupa cace: ciyenda cokha kapena m'gulu, liwiro lace, kulimba kwa cikopa cace, ukulu wa mabala amene cipweteka nao, nzeru zace, ndi cuma cimene cisunga m'phanga mwace. Mtsogoleri sangathe kuweruza nkhondo mwacilungamo popanda manambala amenewa.

Koma pomwepo pali bvuto. Agogo posimba nthano usiku sanena kuti cirombo ciri ndi mano angati, ndipo ana aopa cifukwa sadziwa. Buku linena zonse. Pali cimphona cina cochedwa troll, cimene mabala ace apola msanga, ngakhale mkono wodulidwa ulumikizikanso. Koma cikaochedwa ndi moto siciukanso. Wosewera wacilendo aona mdani amene anamgwetsa alikudzuka, ndipo mtima wace ugunda. Wosewera amene anawerenga kale bukulo angoyatsa muuni, osadabwa konse. Nciye cace mtsogoleri wocenjera sachula dzina la cirombo. Anena za pfungo lace, za mapazi ace pa dothi, za mau akumveka mumdima, nasiya anzace kuti alingalire okha.

Cirombo coposa zonse m'bukumo, kunena zoona, si cinjoka colabvula moto ai, koma kanyama kosaoneka koopsa kochedwa rust monster, ndiko kunena cirombo ca dzimbiri. Siciluma munthu, m'buku la 1977 malo olembapo mabala ace alibe nambala iri yonse. Ciri ndi tinyanga tiwiri tatitali tonga ta mphemvu, ndipo tikakhudza citsulo, citsuloco cicita dzimbiri nthawi yomweyo nicipfumbutuka, cirombo nicidya. Cimva pfungo la citsulo ciri patali. Msilikari amene sanathawe ziwanda athawa kanyama aka, pakuti lupanga lace ndi zobvala zace zacitsulo anazipeza ndi thukuta la masewera a miyezi yambiri. Akakakantha ndi lupanga, lupangalo ndilo lionongeka. Munthu ali yense wogwira nchito ndi zipangizo, kaya makanika kaya mmisiri wa matabwa, adziwa mantha amenewa: thupi liri bwino, koma codyera capita. Ndipo apa kudziwa za m'buku sikucotsa mantha, kungawaonjezere. Wodziwa ndiye ayamba kuthawa. Ocenjera aponya zikhomo zacitsulo kumbuyo kuti cirombo ciime ndi kudya, kapena atuma mnzao wa cibonga ca mtengo kuti apite patsogolo, msilikari wamphamvu uja nabisala kumbuyo kwace.

Codabwitsa ndi kumene kanyamaka kanacokera. Sikali m'nthano za makolo a mtundu uli wonse. Gygax anali ndi tizidole ta pulasitiki totsika mtengo topangidwa ku Hong Kong, togulitsidwa ngati nyama zamakedzana, ndipo tina mwa ito sitinafanane ndi nyama iri yonse yodziwika. Iye anatiika pa tebulo natipatsa maina ndi makhalidwe. M'tizidole tomweto munacokeranso owlbear, cimbalangondo ca mutu wa kadzidzi, ndi bulette, cimene ciyenda pansi pa nthaka monga nsomba m'madzi. Gygax anamwalira m'caka ca 2008, koma pamene kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula TSR m'caka ca 1997, inasindikiza bukuli mwatsopano m'caka ca 2014, kanyama ka dzimbiri kanali momwemo ndi tinyanga tace tiwiri.