Mitsempha ya Uthenga ndi Msana wa Munthu

Lero tikambirana za njira imene uthenga uyendera m'thupi la munthu, ndiponso cifukwa cake tiyenera kusamala kwambiri ponyamula munthu wobvulala msana.

M'cinenero cathu mau akuti mitsempha atanthauza zinthu ziwiri. Iripo mitsempha yoyendamo mwazi, ndipo iripo yina yoyera, yonga ulusi, imene nchito yake ndiyo kunyamula uthenga. Nkhani yathu ndi ya mitsempha yaciwiriyi.

Inu ogwira nchito m'migodi mudziwa kuti munthu woyendetsa cikepe sawaona anzake amene ali pansi. Iye amangomva belu, nadziwa kuti akweze kapena atsitse. Waya wa belu ukaduka, ngakhale makina akhale abwino ndi woyendetsa akhale maso, mau a anthu a pansi samfika. Ubongo wa munthu uli cimodzimodzi. Uli wotsekeredwa m'cigaza, ndipo zonse zimene udziwa uzimva kwa mitsempha. Kulemera kwake ndi magalamu ngati 1,400 okha, koma m'menemo muli tizigawo tamoyo ta uthenga, timene madotolo amati maselo, tokwana pafupifupi mabiliyoni 86.

Aliyense amene anasendapo mbuzi nadula msana wake anaona cinthu coyera, cofewa, conga cingwe, pakati pa mafupa. Munthu ali naconso. Cingwe cimeneci cicokera ku ubongo nicitsika m'kati mwa msana. Kutalika kwake ndi masentimita ngati 45, ndipo kunenepa kwake kulingana ndi cala cacing'ono. Msana uli ndi mafupa 33 osanjikizana, amene acinjiriza cingweco. M'mbali mwake muturuka mitsempha iwiri-iwiri, magulu 31, yopita ku manja, ku cifuwa, ku mimba ndi ku miyendo. Magulu ena 12 acokera ku ubongo weniweni, ndipo ambiri a iwo atumikira maso, makutu, mphuno, lilime ndi nkhope.

Mitsempha yina ibweretsa uthenga ku ubongo, kunena kuti pano patentha, apo palasa munga. Yina itenga malamulo a ubongo kunka nawo ku minofu kuti iyende. Uthenga uyenda ngati mphamvu yaing'ono ya magetsi, ndipo m'mitsempha yofulumira utha kupitirira mamita 100 pa sekondi imodzi, ndiko kutalika kwa bwalo la mpira. Mukakhudza mbaula yamoto, dzanja licokapo musanamve kuwawa, pakuti cingwe ca msana ciyankha cokha cosadikira ubongo. Palinso mitsempha yogwira nchito popanda ife kuilamula. Imeneyi ifulumizitsa mtima pothamanga, iturutsa thukuta, niyendetsa cakudya m'matumbo ngakhale tiri m'tulo.

Tsono mverani bwino mau awa. Mtsempha wa m'dzanja kapena m'mwendo ukaduka, dotolo atha kuulumikiza, ndipo umeranso pang'onopang'ono, ngati milimita imodzi pa tsiku. Koma cingwe ca msana cikaduka sicilumikizikanso. Ziwalo zonse za kunsi kwa bala zileka kumva ndi kuyenda. Cikaduka kumunsi kwa msana, miyendo ifooka, ndipo munthu alephera kugwira mkodzo. Cikaduka pakhosi, manja ndi miyendo zonse zifooka, ndipo nthawi zina ngakhale kupuma kubvuta.

Kawirikawiri mwala ukagwera munthu, kapena akagwa pamwamba, kapena akagundidwa ndi galimoto, pfupa la msana lityoka koma cingwe cikhala cisanaduke. Pamenepo anzake, pomumvera cifundo, amkhazika tsonga, kapena amnyamula wina ku miyendo wina m'khwapa, msana nupindika. Pfupa lotyokalo lisuntha niliphwanya cingwe. Motero munthu amene akadacira napita kwao ndi miyendo yake akhala wopuwala moyo wake wonse. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Kodi ticite ciani? Wobvulala akadandaula khosi kapena msana, akamva dzanzi m'manja kapena m'miyendo, kapena akalephera kugwedeza zala za kuphazi, msiyeni agone monga mwampezera. Mmodzi agwire mutu wake ndi manja awiri kuti usagwedezeke, ndipo alankhule naye momlimbitsa mtima. Wina athamange kukaitana a cithandizo coyamba kapena a ku cipatala. Musamsunthe pokhapokha ngati pamalopo pali zoopsya, monga moto, madzi kapena miyala yofuna kugwa. Zikatero, anthu 4 kapena 5 amnyamule pamodzi, mutu, khosi ndi msana zikhale zoongoka monga mtengo umodzi, namgoneke pa thabwa kapena pa citseko.

Cisoti colimba cimene mubvala potsika pansi cisunga ubongo wanu, cifukwa cake musacibvule ngakhale kutenthe bwanji. Koma msana wa mnzanu wobvulala uli m'manja mwanu. Kafotokozereni mau awa anzanu a pa nchito ndi a m'banja mwanu. Tsalani bwino nonse, tidzakambirananso.