Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo wa Tsiku la Khofi ku Ntchisi



Ndikuthokoza kwambiri pondiitana kudzakhala nanu lero, pa 1 Okutobala, tsiku limene maiko olima khofi ndi maiko akumwa khofi akhala akulikumbukira kuyambira mu 2015. Lafika pa nthawi yake, pamene kukolola kuli kumapeto ndipo maso a aliyense ali pa msika. N'chifukwa chake ndasankha kuyankhula za ziphaso za khofi, nkhani yomwe imatopetsa alimi ambiri koma ndiyo ikutsegula kapena kutseka misika masiku ano.

Khofi si mbewu yachilendo m'dziko muno. Anabwera ndi amishoni a ku Scotland ku Blantyre mu 1878, ndipo lero akulimidwa m'maesiteti a ku Thyolo komanso ndi alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay, Mzimba ndi kuno ku Ntchisi. Khofi wathu ndi wochepa tikamuyerekeza ndi wa ku Ethiopia kapena Uganda. Pa kuchuluka sitingapikisane nawo. Chimene tingagulitse ndi kukoma kwa khofi wathu ndi mbiri yake yabwino, ndipo wogula wa kutali, amene sadzapondako m'munda mwanu, amadziwa mbiri imeneyi kudzera m'chiphaso.

Ena mwa inu mumafunsa kuti, "Kodi malamulo onse a ziphasowa anachokera kuti?" Funso limeneli ndi loyenera. Mu 1989 mgwirizano wa maiko umene unkasunga mtengo wa khofi unasokonekera, mitengo n'kuyamba kugwa. Pofika mu 2001, paundi imodzi ya khofi, yomwe ndi pafupifupi theka la kilogalamu, inkagulidwa ndi ndalama zosakwana masenti 50 a ku America. Alimi ambiri anasiya minda yawo. Koma izi zisanafike poipa chotere, alimi ang'onoang'ono a ku Oaxaca m'dziko la Mexico anali atagwirizana kale ndi anzawo a ku Netherlands, ndipo mu 1988 kunabadwa chizindikiro cha Max Havelaar, chomwe ndi kholo la Fairtrade. Mumve bwino pamenepa: amene anayamba kufuna chiphaso anali alimi ngati inu nomwe, atatopa ndi kudyeredwa masuku pamutu ndi mavenda.

Fairtrade imaika mtengo woyambira umene wogula saloledwa kutsika nawo. Kuyambira mu Ogasiti 2023, mtengowu pa khofi wa arabica wotsukidwa unakwera kuchoka pa dola 1.40 kufika pa dola 1.80 pa paundi. Pamwamba pake pali ndalama ina, masenti 20 pa paundi, imene timaitcha pulimiyamu. Ndalama imeneyi si ya wapampando, si ya mlembi, ndipo si ya wogula. Ndi ya mamembala onse, ndipo msonkhano waukulu wa kopaletivi ndi umene uyenera kugamula ntchito yake, kaya ndi kukonza makina osendera khofi, kugula mbande kapena kukumba mjigo. Mlimi aliyense pano ali ndi ufulu woimirira pa msonkhano n'kufunsa kuti ndalamayo inabwera zingati ndipo inagwira ntchito yanji.

Chiphaso china ndi cha Rainforest Alliance, chija chili ndi chithunzi cha chule wobiriwira. Bungweli linayamba mu 1987 ndipo linaphatikizana ndi bungwe lina la ziphaso la UTZ mu 2018. Iwo amayang'anitsitsa nkhalango, nthaka, madzi ndi kasamalidwe ka antchito. Tsopano kwabweranso lamulo la European Union la mu 2023, loletsa kulowetsa m'maiko awo khofi wolimidwa pamalo pamene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Tsiku loyamba kugwira ntchito lamuloli lakhala likusunthidwa, koma lamulo lenilenilo silinafafanizidwe. Likufuna kuti munda uliwonse udziwike pamene uli pogwiritsa ntchito GPS. Mukaona mlangizi akuzungulira munda wanu ndi foni m'manja, musaope kuti akufuna kukulandani malo. Akulemba umboni woti khofi wanu sanachokere m'nkhalango ya Ntchisi.

Tikachotsa chizungu chonse cha m'mabukuwo, kodi ziphaso zikutipempha chiyani? Zikuti madzi otsukira khofi asathiridwe mumtsinje, chifukwa amawononga madzi amene anzathu a kumunsi amamwa, koma akumbiridwe maenje. Zikuti makoko a khofi asanduke manyowa. Zikuti pa mtsetse pakhale akalozera ndi udzu wa vetiva, ndipo m'munda mukhale mitengo ya mthunzi. Zikuti wopopera mankhwala avale zodzitetezera, mankhwalawo atsekeredwe kutali ndi ana, ndipo botolo lake lisasanduke chotungira madzi. Zikuti nthawi ya sukulu mwana akhale m'kalasi. Kuthandiza makolo ntchito yopepuka ataweruka n'kololedwa, koma kusenza matumba olemera kapena kugwira mankhwala ayi. Amayi ndi abambo, ndi chiti mwa zimenezi chimene chikupindulira mzungu wa ku London kuposa ife? Mtsinjewo ndi wathu, nthakayo ndi yathu, anawo ndi athu. Ifenso tinaona mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, zimene madzi amachita akatsika m'phiri lopanda mitengo.

Chovuta kwambiri pa zonsezi si khasu ayi, koma cholembera. Oyendera ochokera ku mabungwe a ziphaso akabwera safunsa zimene mukukumbukira, amafunsa zimene munalemba: mitengo ilipo ingati, munathira chiyani, tsiku liti, munapereka makilogalamu angati. Komanso alimi ang'onoang'ono amalandira chiphaso ngati gulu. Oyendera amasankha minda yowerengeka, ndipo zimene apeza kumeneko zimaimira nonse. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Munthu mmodzi akagula khofi wa kunja kwa gulu n'kumupereka m'dzina lake, kapena akabisa mankhwala oletsedwa kudenga, akhoza kulanditsa chiphaso chimene anthu mazanamazana anachikhetsera thukuta. Mafumu athu, pamenepa tikudalira inu, chifukwa mawu anu amafika kumene mlangizi safika.

Ndikufunanso kunena za amayi. Pothyola khofi wofiira ndi posankha woipa pa matebulo oyanikira, manja ambiri ndi a amayi. Koma pa tsiku lolandira ndalama, maina ambiri m'kaundula ndi a abambo. Atsogoleri a kopaletivi, lembani amayi m'maina awoawo, apatseni mitengo yawo ndi mipando m'makomiti. Chitani chimodzimodzi kwa achinyamata, amene amadziwa bwino foni ndipo angatithandize pa ntchito ya GPS ndi kusunga kaundula.

Tsopano nditembenukire kwa inu ogula. Chiphaso ndi pangano la mbali ziwiri. Mlimi amalipira oyendera chaka ndi chaka, amasiya mankhwala ena otsika mtengo, amataya nthawi yake pa maphunziro ndi zolembalemba. Komabe padziko lonse, khofi wambiri wokhala ndi chiphaso amagulitsidwa ngati khofi wamba chifukwa ogula pa mtengo wa chiphaso ndi ochepa. Zikatero mlimi wasenza katundu yense yekha, ndipo chimenecho si chilungamo. Ngati mukufuna khofi wolimidwa mosamala, sainani mapangano a zaka zingapo, lipirani msanga, ndipo thandizani pa ndalama zolembera minda ndi zolipira oyendera. Mlimi amene akudikira malipiro miyezi yambiri, fizi ya mwana ili pakhomo, ndi amene amakopeka ndi venda wa pamsewu.

Kwa boma ndi mabungwe, pempho langa ndi la alangizi okwanira, mbande zopirira ku matenda a chiwawu ndi matenda a zipatso za khofi, ndiponso misewu yodutsika nthawi ya dzinja. Malamulo a ziphaso amasuliridwenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kuti mlimi awerenge yekha zimene akuvomera.

Alimi anzanga, mvula isanagwe, aliyense agule kope la munda wake n'kuyamba kulemba. Aliyense aonetsetse kuti munda wake walowa m'kaundula. Ndipo pa msonkhano waukulu ukubwerawu, pitani mukafunse mafunso. Mukachita zimenezi, mudzakhala pa tebulo la malonda muli ndi umboni m'manja, ndipo mudzatchula mtengo wanu mopanda mantha.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa. Mulungu adalitse alimi a khofi, Mulungu adalitse Malawi.