Katara: Mudzi wa Miyambo m'Mbali mwa Nyanja

Lero tiyendera dziko la Qatar, ku Arabia. Aphunzitsi, aonetseni ana dzikoli pa mapu. Likulu lake ndi Doha, ndipo mumzindamo, m'mbali mwa nyanja, muli malo ochedwa Katara, amene anatsegulidwa m'caka ca 2010.

Kodi malowa anawamangiranji? Kuti tiyankhe, tiyeni tibwerere m'mbuyo. Kale anthu a ku Qatar anali osauka, ndipo anali kudalira ngale, timiyala tonyezimira topezeka m'kati mwa nkhono za m'nyanja. Nyengo yotentha ikafika, amuna anali kukhala m'zombo za matanga pafupifupi miyezi 4. Munthu womira anali kudzipana mphuno ndi kutsika ndi mwala kuphazi kuti afike pansi msanga, mnzake m'combo atagwira cingwe comukokera. Moyo wake unali m'manja mwa mnzakeyo. Munalinso woimba nyimbo, wolimbitsa anthu mtima pa nchito yowawayi.

M'zaka za m'ma 1930 malonda a ngale anagwa, pakuti anthu a ku Japan anapeza njira yowetera nkhono zobala ngale zotsika mtengo. Mu 1949 Qatar anayamba kugulitsa mafuta a pansi ku maiko ena, ndipo dziko linalemera. Koma ana obadwa m'nyengo ya cuma sanaonepo nchito ya agogo ao. Gogo akamwalira, nyimbo zake ndi luso lake zinali kupita naye kumanda.

Ici ndico cifukwa ca Katara. Kuyambira 2011 pamalopa pamacitika cikondwerero ca zombo zamakedzana, pomwe akuluakulu amaonetsa ana kasemedwe ka combo, kalukidwe ka maukonde ndi katsegulidwe ka nkhono. Palinso bwalo la zisudzo ndi nyimbo lokwana anthu 5,000, nyumba zoonetseramo zojambula, mizikiti yokongola ndi makola a nkhunda atali ngati nsanja. Mu 2014 anakhazikitsa mphoto ya olemba mabuku a nkhani m'Ciarabu.

Ana inu, mafuta anagula nyumba zazitali, koma nyimbo yoiwalika singagulidwe. Nchito yanu nayi: funsani agogo anu nyimbo imodzi imene anali kuimba polima, posinja kapena popalasa bwato. Ilembeni m'buku, ndipo mawa mukaimbire anzanu m'kalasi. Tsalani bwino.