Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lokumbukira Matenda a Mtima ku Domasi



Pa 29 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda a mtima. Ambiri akamva zimenezi amaganiza za BP ndi anthu achikulire onenepa a m'tauni. Ine ndikufuna tikambe za mwana wa sukulu wa kuno m'chigwa cha Domasi, amene mtima wake umafooka asanafike n'komwe ku sekondale.

Zimayamba ndi zilonda zapakhosi. Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15 amadandaula kuti akumva kuwawa pomeza, thupi latentha, ife n'kumupatsa panado. Pakapita masabata awiri kapena atatu, mawondo ndi akakolo amayamba kuphwanya, ululu uku ukusamuka mfundo ina kupita ina, ndipo timati ndi malungo kapena nyamakazi. Chimene chachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi, polimbana ndi kachilombo koyambitsa zilonda zapakhosi zija, chalasanso mavalavu a mu mtima. Nonse mumaudziwa mjigo umene raba yake yatha: mumapopa mpaka thukuta, koma madzi amabwerera pansi. Mtima wa mwanayo umatero. Amachita befu akakwera kamtunda kopita ku Domasi Mission, miyendo imatupa, usiku sagona chagada koma chotsamira khoma. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 55 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi matendawa, ndipo pafupifupi 360,000 amamwalira nawo chaka chilichonse. Ofufuza atapima ana ku Lilongwe ndi makina ounikira mtima, anapeza kuti atatu mwa ana 100 alionse anali nawo mwakachetechete.

Valavu ikawonongekeratu pamafunika opaleshoni, ndipo kwa zaka zambiri Amalawi otere akhala akudikira pamndandanda kuti atumizidwe kunja, makamaka ku India. Anthu akabwerako amayamikira dzanja la dokotala, ndipo n'zoyenera. Koma mundilole ndikulowetseni m'chipinda cha opaleshoni muone ntchito imene mankhwala amagwira.

Kuti dokotala asoke mkati mwa mtima, amayamba wauimitsa. Magazi amawapatutsira m'makina amene amapopa ndi kupuma m'malo mwa wodwala, kenaka amathira m'mitsempha ya mtima madzi ozizira okhala ndi potaziyamu wambiri, mtima n'kukhala zii. Ukhoza kukhala chomwecho ola lathunthu kapena kupitirira. Nthawi yoopsa ndi pamene akuudzutsa. Mtima umene unafika uli wotopa kale umadzuka mwaulesi, sukankha magazi okwanira. Mapazi a wodwala amazizira, mkodzo umachepa. Apa m'pamene amalumikiza timapampu todontheza mankhwala mumtsempha waukulu wa pakhosi. Dobutamine ndi milrinone amaupatsa mtima mphamvu yofinya, adrenaline amautulutsa pangozi, noradrenaline amamanga mitsempha kuti magazi asatsike. Namwino amakhala pambali pa bedi usiku wonse, maso pa makina, ola lililonse kuyeza mkodzo umene watsikira m'thumba, kuwonjezera pang'ono, kuchepetsa pang'ono. Mankhwalawa akapitirira muyezo amathamangitsa mtima ndi kuutopetsa, n'chifukwa chake amawachotsa msanga mtima ukangoyamba kudziimira. Ine anamwino amenewa ndimawavulira chipewa.

Tsono mudzati, zimenezo n'za kutali, ife zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa mphamvu imene mtima umafika nayo pa tebulo la opaleshoni imasungidwa kuno, ku chipatala cha Domasi, ku St Luke's ku Malosa, ku Zomba Central. Wodwala amene akudikira ulendo amapatsidwa mapiritsi okodzetsa a furosemide ochotsa madzi m'mapapo ndi m'miyendo, ena enalapril wopeputsa katundu wa mtima, ena digoxin, mankhwala akalekale ochokera ku duwa limene William Withering analemba za ntchito yake mu 1785. Amayi, mwana akamakodza pafupipafupi musamusiyitse mapiritsi. Ndiye kuti akugwira ntchito. Mchere muchepetse m'ndiwo zake, ndi soda wa m'therere yemwe.

Wobwera ndi valavu yachitsulo ali ndi lamulo lina: warfarin tsiku ndi tsiku moyo wake wonse, kuti magazi asaundane pa chitsulocho. Walira mvula walira matope. Mankhwalawa akachepa munthu amachita sitiroko, akachuluka amataya magazi m'mphuno ndi m'nkhama, choncho magazi ayenera kupimidwa kawirikawiri. Asamwe brufen, aspirin kapena mankhwala azitsamba osafunsa. Ndipo mtsikana amene ali pa warfarin akaganiza za banja, ayambe wakambirana ndi adokotala asanatenge pathupi, chifukwa mankhwalawa angavulaze mwana m'mimba. Anankungwi, nkhani iyi ndaisiya m'manja mwanu.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi jakisoni wa benzathine penicillin. Ndi wotsika mtengo, amabayidwa kamodzi pa masabata anayi alionse, ndipo amatseka njira kuti kachilombo kaja kasabwerezenso kuwononga valavu. Ku Uganda, kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anasonyeza kuti mwa ana amene ankabayidwa mokhazikika, osakwana mmodzi mwa 100 ndi amene matenda awo anakula, pamene mwa osabayidwa anali 8 mwa 100. Inde, jakisoniyu ndi wowawa, wolemera ngati phala, ndipo ana amamuthawa. Koma ndinaonapo mayi atalipira kabaza wa ulendo wautali ndi mwana wake, n'kuuzidwa pawindo kuti mankhwala atha, mubwere mwezi wamawa. Mwezi wamawa sanabwere. Mu 2018 msonkhano waukulu wa zaumoyo wa WHO unagwirizana kuti maiko alimbane ndi matendawa, ndipo ku Neno anayamba kale makiliniki apadera osamalira odwala otere pafupi ndi kwawo. Zomba ikhozanso.

Choncho a ku ofesi ya zaumoyo, tikupempha kaundula wa mwana aliyense amene ali pa jakisoniyu, kuti akaphonya tsiku mlangizi wa zaumoyo amulondole kumudzi. A ku Malawi Institute of Education ndi Domasi College of Education, mabuku ndi aphunzitsi a dziko lino amatulukira m'manja mwanu. Mphunzitsi adziwe kuti mwana wa zilonda zapakhosi amatumizidwa kuchipatala tsiku lomwelo. Mafumu anga, pamsonkhano wa m'mudzi funsani kabuku ka kuchipatala ka ana otere, muone ngati tsiku la jakisoni lasainidwa.

Madokotala akhala kale pansi pa tenti apo kuti amvetsere mitima ya ana. A Wapampando, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.