Nyambo Yamoyo

Werengani: Mateyu 4:18-20

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinayamba kuwedza milamba ku damu la Lutembwe. Ndinadula pamwamba chigubu cha malita 20, n'kuvindikira ndi saka lakale, kuti ndizisungamo matemba a nyambo. Chigubu chotere chimafuna mthunzi, ndiponso kusintha madzi m'mawa ndi madzulo, chifukwa madzi akatentha mpweya umachepa.

Tsiku lina ndinachita ulesi. Kutacha ndinapeza matemba onse atayandama chagada.

Ndinadzifunsa: nanga mtima wanga? Yesu anaitana asodzi kuti azisodza anthu, koma Mkhristu amene wasiya kupemphera adzakopa ndani? Ngakhale mdzukulu wake sangamutsatire kutchalitchi.

Tipemphere: Ambuye, tsitsimutsani mitima yathu tsiku ndi tsiku. Amen.