Kafukufuku wa Khansa: Ufulu Wovomera ndi Wokana



Wodwala khansa akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, nthawi zina amapemphedwa kulowa m'kafukufuku. Kumeneko bungwe la UNC Project lakhala likufufuza za khansa ya Kaposi, ya lymphoma ndi ya khomo la chiberekero. Cholinga n'kuona ngati mankhwala atsopano akuposa omwe alipo kale. Yankho silidziwika kafukufuku asanathe, choncho palibe dokotala amene angalonjeze kuti wolowamo achira.

Kuyesa mankhwala kotere sikuyamba popanda chilolezo cha komiti ya NHSRC yoona za kafukufuku wa zaumoyo ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsanso kuyesera mankhwala pa munthu amene sanavomere.

Safunsa anadya phula. Wodwala asanasaine afunse: mankhwalawa angadzetse mavuto anji m'thupi? Azibwera kangati kuchipatala, nanga ndalama yoyendera adzabwezeredwa? Magazi otengedwawo apita kuti? Chikalata chifotokozedwe m'Chichewa, ndipo wosadziwa kuwerenga adinde chala pamaso pa mboni yosakondera. Ali ndi ufulu wokayamba wakambirana ndi abale kunyumba.

Wokana amalandirabe thandizo lake monga wodwala wina aliyense, ndipo wovomera angathe kusiya tsiku lililonse. Choopsa n'kuthawiratu chipatala chifukwa cha mphekesera, pakuti khansa ikachedwa kuthandizidwa imafalikira.